Mbuzi Zisanu Zimene Tinaikiza

Anandilanda mbuzi zisanu. Anthu akamva kuti ndinakulira m'nkhondo amayembekeza kuti nditchula mwendo, kapena bambo, kapena nyumba. Nyumba inapsadi, koma inali ya udzu, amayi anamanga ina. Bambo anamwalira ndi chifuwa mfuti isanalire n'komwe. Miyendo ndili nayo yonse iwiri, ndi imene ndimaimira tsiku lonse pakhomo la nyumba ya maofesi kuno ku Msheireb, mumzinda wa Doha ku Qatar, nditavala yunifomu ya ulonda, kulondera chitseko chimene chimatseguka chokha. Zimene ndinataya ndi mbuzi zisanu, ndipo m'mbuzi zimenezo munali sukulu yanga.

Kwathu ndi kumalire, mbali ya Mozambique, pafupi ndi Mwanza. Amayi anabadwira tsidya la Malawi, bambo anakawatenga chitengwa. Sukulu ndinkaphunzira ku Malawi. M'mawa ndikadumpha kamtsinje ndiye kuti ndalowa dziko lina, ndipo palibe amene ankafunsa chiphaso mwana wovala kabudula wa yunifomu. Bambo atayamba kudwala anagula mbuzi ziwiri zazikazi ndi ndalama za fodya, nazicheka khutu la kumanzere pawiri. Anauza amayi ine ndili pomwepo kuti izi si za ndiwo, si za maliro awo, ndi za sekondale ya mwanayu. Pa maliro awo anthu anadya nyemba, ena anadandaula, amayi sanatsegule khola.

Pamene ndinkafika Sitandade 6 zinali zitakwana zisanu, zazikazi zinayi ndi tonde mmodzi, zonse zochekedwa khutu chimodzimodzi. Yaikulu inali yakuda, yotsimphina chifukwa inakodwapo mu msampha wa nguluwe, ndipo inali ndi khalidwe loipa lodya sopo. Ukasiya sopo pamwala uli kuchapa, ukatembenuka umapeza ikutafuna, thovu lili kukamwa, ikukuyang'ana m'maso.

Nkhondo yake sinali ngati imene anzanga a ku Nepal ndi ku Kenya amaonera pa foni tikaweruka. Inabwera pang'onopang'ono. Poyamba minibasi zinasiya kudutsa. Kenako mwini chigayo anamasula injini yake napita nayo kutsidya, amayi anabwerera ku mtondo. Mchere tinayamba kukagula ku Malawi, ndinkabwera nawo ine m'chikwama cha mabuku. Kenako tinayamba kulandira alendo a mitundu iwiri. Ena ankatsika kuphiri wapansi, kutada, ali ndi mfuti, kudzapempha ufa. Munthu wa mfuti akapempha, yankho ndi limodzi. Ena anali asilikali a boma, ankabwera pa galimoto dzuwa litakwera, kudzafunsa kuti anthu akuphiriwo wawapatsa ufa ndani. Mayina a magulu awo sitinkawatchula ngakhale m'nyumba. Tinkangoti a usiku ndi a masana.

A masana sankakhulupirira pakamwa pa munthu. Ankawerenga pansi. M'mudzi mwathu munalibe wovala jombo, tonse tinali a mapazi ndi masilipasi, choncho phazi la jombo likapezeka pakhomo pako mlandu wako unali utatha kale. Poyamba anthu ankadzuka m'bandakucha kusesa ndi masache. Kunali kulakwitsa. Mkulu wina woyandikana nafe anasesa bwinobwino kuchokera pakhomo pake mpaka kumtsinje, mizere ya tsache ili ndondondo ngati pabwalo la tchalitchi. A masana atafika anangotsatira njira yoyerayo mpaka pachitseko chake. Anamufunsa funso limodzi, lakuti ndani amasesa njira ya kumtsinje. Anamumenya ife tikuona, ndipo dzanja lake lamanja silinagwirenso khasu.

Sindikudziwa amene anayamba kuganiza za mbuzi. Chimene ndikudziwa n'chakuti ntchitoyo inagwera ine, chifukwa khola lathu ndi limene linali pakati pa mudzi. Kukangocha ndinkatsegula khola, ndi kachitini ka madeya m'manja, n'kumawaza madeyawo mmene mwadutsa jombo. Mbuzi zinkathamangira, kupondaponda, kulimbirana, kugwetsa ndowe zake, ndipo posakhalitsa njira inkaoneka ngati njira ya m'mudzi uliwonse. Palibe msilikali amene angamenye munthu chifukwa cha mapazi a mbuzi. Azimayi ankandiitana chonong'ona ndikamadutsa.

"Mwanawe, udutsitsenso kuseri kwa nkhokwe kwathuku, anaima pamenepo."

Ankandipatsa mbatata yootcha, ena chinangwa. Kusukulu ndinkafika mochedwa, miyendo ili mbuu. Aphunzitsi anandikwapula masiku oyamba.

"Iwe wa kutsidya, wachedwanso. Dzuwa la kwanu limatuluka nthawi yakeyake?"

"Ndimadyetsa mbuzi, sala."

"Anzakowa alibe mbuzi?"

Amayi anali atandiuza kuti za m'mawa sizikambidwa. Tsiku lina mfuti zinalira kuphiri tili m'kalasi, mawindo ananjenjemera, aphunzitsi anandiyang'ana nthawi yaitali. Kuyambira pamenepo ndikachedwa ankangondilozera pokhala.

Zinthu zitaipiraipira tinasiya kugona m'nyumba. Dzuwa likapendeka tinkanyamula mphasa kupita kudimba, m'mabango. Atambala onse m'mudzi anaphedwa kuti asatiulule pobisalapo, ndipo tinadya nkhuku masiku otsatizana ngati Khrisimasi, popanda woseka. Moto tinkasonkha masana okha. Ana tinkasewerabe. Tinali ndi sewero la a usiku ndi a masana, mfuti zake za mapesi, ndipo mkangano unali umodzi tsiku lililonse: palibe amene ankafuna kukhala wa m'mudzi, chifukwa wa m'mudzi ntchito yake inali kugona chafufumimba n'kumamenyedwa. Tinkakakamiza tiana tating'ono.

Lero jombo ndavala ndine. Kampani imatipatsa zakuda, zolemera. Pansi pa nyumba imene ndimalonda ndi pa matailosi oyera, ndipo pali mnyamata wa ku Bangladesh amene ntchito yake ndi kukolopa mapazi a anthu asanaume n'komwe. Ndimamuyang'ana akukankha mopu yake. Iye amaganiza kuti ndikumufufuza zolakwa. Sindinamuuzepo kuti ntchito yakeyo ndinaigwirapo, ndi mbuzi.

Ufa utayamba kuchepa, alendo athu onse awiri anayamba kuyang'ana makola. A usiku ankatenga imodzi n'kunena kuti zikomo. A masana ankakweza ziwiri pa galimoto osanena kanthu. Makola a kumapeto kwa mudzi anatha. Amayi anaona kuti lathu silichedwa, ndipo anaganiza zokaziikiza kwa achimwene awo, malume anga, tsidya la Malawi.

Kuikiza chiweto ndi mwambo wakale. Chiweto chimakhala chako ndithu. Wosungayo amatengapo mwana mmodzi pa ana obadwa, ndiwo malipiro a ubusa wake. Chikafa, amasunga chikopa, khutu lili pomwepo, kuti mwini wake akabwera adzaone ndi maso. Salemberana kanthu. Mboni yake ndi khutulo.

Azimayi a m'mudzi atamva anabwera pakhomo pathu.

"Mukachotsa mbuzizi, mapazi atifafanizira ndani?"

"Zikadyedwa adzakufafanizirani ndani?" anayankha amayi. "Mwana wanga sadzalipira sukulu ndi mapazi a pakhomo panu."

Tinaziwolotsa Loweruka masana, ine patsogolo ndi chitini cha madeya, amayi pambuyo ndi kamtengo. Malume anatilandira bwino. Anatulutsa mipando, anaphetsa nkhuku. Anaziwerenga mbuzizo okha, akugwira khutu la iliyonse.

"Chemwali, musade nkhawa. Mwanayu ndi wanga. Mbumba iyi mwini wake ndine, sukulu yake ndi mutu wanga."

Mwana wawo wamwamuna, msuweni wanga, wondiposa chaka chimodzi, anali atatsamira pakhola akuseka.

"Asuweni, mbuzi zanuzi zili ndi pasipoti?"

"Zili nayo. Ili pakhutu."

"Nanga yopundukayi mwaibweretseranji, ku Malawi kuno kulibe chipatala cha mbuzi."

"Bisani sopo, muona."

Ndinabwerera kwathu ndi chitini chopanda kanthu. M'mawa wotsatira ndinadzuka nthawi yomweyo mwa chizolowezi, ndinaima pakhola lopanda kanthu, mapazi a jombo ali ponseponse pabwalo. Tinayesa kuwafafaniza ndi mapazi athu, ana tonse kuthamangathamanga ngati tikusewera. Sizinkatheka bwino. Jombo imalowa pansi kwambiri kuposa phazi la mwana.

Sipanapite nthawi yaitali mudzi unapsa. Tinali kudimba, dzuwa lili pamutu, tinangoona utsi. Sindinaone amene anayatsa ndipo sindinena zimene sindinaone. Tinawoloka tsiku lomwelo ndi zimene zinali m'manja. Mayi wina, uja wa kuseri kwa nkhokwe, anauza amayi pamtsinje pomwepo kuti mudzi mwawotcha ndinu ndi mbuzi zanu. Mpaka lero awiriwo sapatsana moni.

Tinafikira kwa malume. Masiku oyamba zinali bwino. Kenako akazi awo anayamba kutseka chitseko cha kukhitchini ndi loko, ndipo malume anatilangiza kuti tikalembetse kumsasa wa othawa nkhondo, poti kumeneko chakudya n'chaulere. Tisananyamuke ndinapita kukhola. Zonse zisanu zinalimo, zonenepa, ndipo imodzi inali ndi bere. Pambuyo pake anatisamutsira kumsasa wina wakutali, kumene kupita kwa malume kunkafuna ndalama ya basi imene tinalibe.

Za kumsasa sindikamba zambiri. Mizere, matenti otentha, nandolo tsiku ndi tsiku. Ndinapitiriza sukulu kumeneko. Sindinali wanzeru kuposa onse, koma ndinkadziwa kuti anzanga ambiri akamaliza Sitandade 8 athera pomwepo, pamene ine ndili ndi khola londidikira. Ndinkawerengera mumtima kuti pofika pano zaswana kangati. Mayeso ndinakhoza, ndipo dzina langa linatuluka pa sekondale yoyendera.

Amayi anagulitsa bulangeti limodzi mwa amene tinalandira, tinakwera basi. Tinafika kwa malume chakumasana. Ndisanapereke n'komwe moni ndinasuzumira m'khola. Munali mbuzi zambiri ndithu. Ndinaziyang'ana makutu imodziimodzi. Onse anali athunthu.

"Chemwali, ndinasowa pokuuzirani," anatero malume titakhala pansi. "Kunagwa matenda kuno. Zinatsegula m'mimba, zinafa."

"Zonse zisanu, achimwene?"

"Zonse."

"Nanga zili m'kholazi?"

"Izi ndinagula pambuyo pake."

Amayi anaweramitsa mutu. Ine ndinafunsa kuti zikopa zili kuti. Amayi ananditsina pantchafu, koma mawu anali atatuluka kale.

"Agalu anadya," anatero malume. Kenako anatembenukira kwa amayi. "Mwanayu nkhondo yamuwononga. Safunsa ngati mwana."

Mwina wina afunsa kuti bwanji sitinakadandaule. Tikanakadandaula kudzera mwa ndani? Kwathu mwana akalakwiridwa, amene amanyamula mlandu wake kupita nawo kubwalo ndi malume ake. Mkazi wamasiye akasowa pogwira amathamangira kwa mlongo wake. Munthu amene anayenera kutiyankhulira ndi amene anali atakhala pampando patsogolo pathu, akutiuza za agalu. Potsanzikana anatipatsa nkhuku imodzi. Amayi anaomba m'manja polandira. Zimenezo sindinawakhululukire msanga.

Anayesetsa, ndisawanamizire. Anagulitsa tomato, anaphika thobwa, analima maganyu. Fomu 1 ndinamaliza. Teremu yachiwiri ya Fomu 2 anandibweza chifukwa cha fizi, ndinadikira kunyumba, anzanga analemba mayeso, ndipo sindinabwererenso. Nkhondo itazizira amayi anabwerera kumudzi kukamanga pa phulusa. Ine ndinapalasa kabaza pa boda, ndinalonda sitolo ku Blantyre, kenako ndinapeza njira yofikira kuno. Palibe chosangalatsa m'zaka zimenezo choti ndilembe.

Msuweni wanga anafika ku Doha ine nditakhalako kale. Iye anamaliza Fomu 4, anachitanso kozi ya za mahotela. Amagwira ntchito polandirira alendo pa hotela ina yaikulu, amavala tayi, amagona awiri m'chipinda. Nambala yanga anaipeza kwa amayi. Ndinazengereza, koma tsiku lina Lachisanu tonse tili pa ofu tinakumana ku Corniche, m'mbali mwa nyanja, chakumadzulo, kutentha kutachepa. Anagula tiyi wamkaka amene kuno amati karaki, makapu awiri, tinakhala pakhoma loyang'ana kunyanja.

"Asuweni, mwanenepatu. Ulonda ukukuyanjani."

"Ndi yunifomu. Amatipatsa saizi imodzi tonse."

"Mukadali ndi pakamwa pomwe paja. Ovataimu amakupatsani koma?"

"Amatiuza kuti inshallah, Mulungu akalola."

Anaseka mpaka tiyi anatayikira pa thalauza. Sindinkafuna kumukonda, koma munthu wa kwanu ndi wa kwanu, ndipo panali patapita nthawi ndisanaseke m'Chichewa. Tinakamba za kutentha, za masupavaiza, za chakudya. Iye anati nyama ya kuno imamveka ngati ukutafuna bulangeti, akulakalaka kanyenya wa mbuzi wa pa boda. Ndiye anandigwira paphewa.

"Mukuikumbuka ija yakuda yotsimphina? Munanena zoona, inali mfiti ya sopo. Inandidyera sopo yense amene anandigulira wopita naye ku bodingi, mawa lake ndikukayamba Fomu 1. Adadi anapsa mtima, anati imeneyi ndiye iyambe kupita. Ndinaikoka ndekha mpaka kwa wachiwaya, ikukana njira yonse."

Ankaseka. Ine ndinaika kapu pansi.

"Inafa ndi m'mimba," ndinatero.

"Ayi, ndikuti ndinaikoka ndekha pachingwe."

"Bambo anu anatiuza kuti inafa ndi m'mimba. Zonse zisanu. Zikopa anadya agalu."

Kuseka kunatha. Anayang'ana kunyanja, kumene maboti a matabwa ankanyamula alendo, nyimbo zili pamwamba.

"Ife anatiuza kuti azakhali anawagulitsa mbuzizo pothawa," anatero motsitsa mawu. "Anati anawalipira."

"Nanga zinayi zinazo?"

"Ikayandikira teremu..." Sanamalize.

Ndinamukhulupirira kuti sankadziwa. Zimenezo sizinachepetse kanthu. Ndinayang'ana nsapato zake zosongoka, wotchi yake, Chingerezi chimene chimangotuluka chokha pakamwa pake, ndipo ndinadziwa mtengo wake wa zonsezo, chifukwa ndinkazidyetsa madeya ndi dzanja langa.

"Asuweni, khalasi, zatha," anatero. "Ndi zakale. Inali nthawi ya nkhondo, aliyense ankangoona mmene angapulumukire."

"Kwanu kunalibe nkhondo."

Anatulutsa foni, anati salale ikalowa anditumizira kenakake, ndingomuuza kuti zingati. Ndinamuuza kuti ma riyal ake asunge. Sindinaikize ndalama. Ndikufuna mbuzi, zilowe m'khola la amayi, ndipo azikoke pachingwe ndi bambo ake, masana, adutse nazo pakati pa mudzi kuti aja amati amayi anawotcha mudzi pachabe aone kuti zinabwerako.

"Adadi sangachite zimenezo. Mukuwadziwa. Ndi munthu wamkulu."

"Analinso wamkulu pamene ankaziwerenga makutu."

Tinakwera sitima imodzi ya metro mpaka ku Msheireb osayankhulana. Iye anasinthira njanji ina, ine ndinatuluka kukadikira basi ya kampani.

Mwezi utatha amayi ananditumizira chithunzi kudzera pa foni ya mwana wa oyandikana nawo. Mbuzi yaikazi, yofiirira, yomangidwa pa mtengo wa mango. Inabwera pa njinga ya kabaza. Woibweretsayo anangoti watumidwa ndi a ku Qatar, za malume sanatchule. Pambuyo pa chithunzicho panali mawu a amayi ojambulidwa. Anati ndithokoze, ndipo nkhaniyi ithere pomwepa.

"Ndi mlongo wanga yekhayo amene watsala. Ndikadzafa adzandiika ndi iyeyo, iwe uli kutali. Usandidanitse ndi anthu, mwanangu."

Kumapeto anafunsa ngati aicheke khutu. Ndinawauza kuti aicheke, kumanzere, pawiri.

Msuweni wanga sanandiimbirenso. Lamlungu lililonse amanditumizira vesi, ine sindiyankha. Malume ananditumizira mawu kamodzi, akunditchula kuti mphwanga, kufunsa ngati kampani yathu ikulembabe alonda, poti mwana wawo wamng'ono akungokhala. Za mbuzi sanatchule.

Mnzanga wa ku Kenya amene timagona chipinda chimodzi amati ndisiye, munthu wolandira malipiro a ku Qatar sangamalire mbuzi. Amati sukulu ndikhoza kuchita pa foni. Mwina n'zoona. Ndikudziwa ndekha kuti ngakhale zitabwera zonse mawa, sizindibwezera pa desiki la Fomu 2, ndipo ndikaweruka pa shifiti maso amakhala atatopa moti sindingawerenge ngakhale mzere umodzi. Koma bambo anga anadyetsa anthu nyemba pa maliro awo chifukwa cha mbuzi zimenezo. Amayi amadutsidwa opanda moni pachitsime chifukwa cha mbuzi zimenezo. A usiku anazisiya, a masana sanazipeze.

Ana amene zikanabereka zaka zonsezi sindiwawerengera, atenge akhale malipiro a ubusa wawo. Tinaikiza zisanu. Yabwera imodzi. Zatsala zinayi.